Abanki akati imitsani kaye chiwongoladzanja cha mortgage, ndalamayo siinafe

Achemwali ena a ku Leicester anditumizira imelo. Akuti bambo akunyumba ntchito inawathera, iwowo ali ku ntchito ya care koma mashifiti awachepetsera, ndiye mortgage, ngongole yogulira nyumba, yafika powapana pakhosi. Abanki awauza kuti atha kusiya kaye kulipira chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo, ndiye akufunsa kuti kodi ndalama imeneyo ndiye kuti yakhululukidwa, avomere?

Achemwali, siinakhululukidwe ayi. Chomwe abanki amachita nchakuti ndalama mwadumphayo amaiphatikiza ku ngongole yaikulu ija, kenako nayonso imayamba kubereka chiwongoladzanja chake. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwatsala ndi £150,000 pa 5%, chiwongoladzanja chokha pamwezi ndi £625, mukadumpha miyezi 6 ndiye £3,750 imeneyo. Akaimwaza pa zaka 20 zomwe zatsala muzingoona ngati kanthu kochepa, pafupifupi £25 yowonjezera pamwezi, koma pofika kumapeto mwabweza cha m'ma £5,900. Sikatapila ayi, koma sikuti ndi zaulerenso.

Anthu ambiri kuno ku UK zimawasokoneza chifukwa akukumbukira za nthawi ya Covid. Mu March 2020 Rishi Sunak, yemwe anali nduna ya zachuma nthawi imeneyo, analengeza payment holiday, kupumira kaye kulipira mortgage, ya miyezi 3, kenako inafika miyezi 6, ndipo nthawi imeneyo sizimalembedwa pa credit file, fayilo ya mbiri ya ngongole zako, ngati walephera kulipira. Zija zinatsekedwa mu 2021 basi. Lero mukagwirizana ndi banki zodumpha malipiro zitha kuoneka pa fayilo yanu, ndiye tsiku lomwe mudzafune remortgage, kutenga mortgage yatsopano pa nyumba yomweyo, mudzapeza ena akukukanani kapena kukupatsani reti yodula. Afunseni mwachindunji kuti azilemba bwanji, ndipo yankho likhale la pa kalata, osati la pa foni lokha lomwe mawa wina adzati sitinanene choncho.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndafunsa za Mortgage Charter. Iyi inabwera mu June 2023 mareti atakwera koopsa, paja reti ya Bank of England inachoka pa 0.1% mpaka kukafika 5.25% mu August chaka chomwecho. Mabanki akuluakulu anasainira kuti munthu amene sanaphonyepo malipiro atha kumalipira chiwongoladzanja chokha kwa miyezi 6, kapena kutalikitsa zaka za ngongole, osakufufuzanso za malipiro ako komanso osakhudza credit score. Taonani kusiyana kwake, apa mukuimitsa mutu wa ngongole osati chiwongoladzanja, ndiye ngongole siikukula, yangoima. Anagwirizananso kuti sangakulande nyumba iwe usanavomere pasanathe miyezi 12 kuchokera pomwe unaphonya koyamba. Koma mwamva mawu aja, amene sanaphonyepo. Ndiye imbani direct debit isanabwerere, zobisa makalata m'drowa osawatsegula chifukwa cha mantha ndi zomwe zimapweteketsa anthu.

Palinso ya boma, Support for Mortgage Interest, ya amene ali pa Universal Credit, thandizo la ndalama kwa opeza zochepa, koma nayo kuyambira April 2018 ndi ngongole, mumadzabweza ndi chiwongoladzanja pogulitsa nyumba. Ndipo ngati visa yanu inalembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, musayerekeze nkomwe, mungaziputire za Home Office.

Ndiye muvomere? Ngati bambo ali ndi chiyembekezo chenicheni cha ntchito posachedwa ndipo njira ya Charter ija sikukwanirabe, eya vomerani, bola nyumba ikhalepo. Koma ngati ndalama zolowa zatsikiratu, miyezi 6 ikatha mudzapeza vuto lomwe lija litanenepa, apo pafunika kukamba zotalikitsa zaka kapena kugulitsa nokha asanakugulitsireni motchipa. Imbirani StepChange kapena Citizens Advice, mabungwe opereka uphungu pa za ngongole, salipiritsa, mukhale ndi masitetimenti a miyezi itatu pafupi. Ndipo pa bajetiyo lembaniponso zomwe mumatumiza kumudzi, ndikudziwa nzovuta kuuza amayi kuti mwezi uno kulibe, koma auzeni msanga.