Kadzidzi walira kapena kalira? Mafunso a mbalame ndi nyengo

Sabata ino makalata atatu afika ngati anachita kupangana. Onse akukhudza mbalame za pakhomo ndi nyengo za kumapiri.

Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a ku Bembeke, m'boma la Dedza: "Mwana wa Sitandade 6 analemba kuti 'kadzidzi kalira padenga, ndipo tidzidzi tina tili mumtengo.' Ndinamuuza kuti walakwa, koma atandifunsa chifukwa ndinachita chibwibwi. Kodi si momwe timanenera kambalame, timbalame?"

Aphunzitsi, simunalakwe, koma mwanayo musamukalipire, khutu lake likugwira ntchito. Wamva ka- kumayambiriro kwa dzina ndipo watsatira njira imene akuidziwa. Muuzeni ayese kuchotsa ka- ameneyo. Pa kambalame patsala mbalame, chinthu chodziwika. Pa kadzidzi patsala "dzidzi", amene palibe anamuonapo. Ndiye kuti ka- wa kadzidzi si wochepetsa, ndi gawo la dzinalo, monganso pa kakowa, kabawi ndi kalulu. Mayina otere amayenda ndi agwirizanitsi a munthu: kadzidzi walira, akadzidzi alira, kakowa akutsata ng'ombe kudambo, akakowa abwera ambiri chaka chino. M'gulu lomweli muli pumbwa, timba, namzeze, khwangwala ndi nantchengwa. Miyambi yathu ndiyo mboni. Timati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, osati "lamantha linafa". Timatinso timba sachepa ndi mazira ake.

Njiwa, nkhwali, nkhanga, zinziri ndi mpheta zili kwina. Dzina silisintha, chimasintha ndi chotsatira: njiwa yatera, njiwa zatera. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Koma m'nthano, njiwa ikapatsidwa pakamwa polankhula, imasanduka munthu, ndipo agogo amati "Njiwa anayankha kuti..." Mwana akalemba choncho m'nthano, musamudule malikisi.

Akafuna kunena mwana wa kadzidzi amene wagwa kuchokera m'mphako ya mtengo, apo ndiye ka- wochepetsa abwere pamwamba pa ka- winayo: kakadzidzi kagwa. Ambiri ndi tiakadzidzi. Ana amaseka akamva mawu amenewa, koma ndi Chichewa chenicheni.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Mulanje amene akukhala ku Leeds, ku Mangalande: "Mu Januwale ndinauza amayi anga pafoni kuti kuno dzinja lavuta. Iwo anandifunsa ngati chimanga chathu chamera bwino. Ine ndimanena za kuzizira. Walakwa ndani?"

Mayi, pepani, akuluakuluwo anamva bwino. Dzinja ndi nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka mu Malichi, pamene anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, nkhokwe zili pululu, bowa ali mbwee m'nkhalango. Mu dzinja simuzizira ayi, thukuta limachita kutsika. Chimasokoneza anthu okhala ku Ulaya n'choti miyezi yozizira kumeneko imagwa nthawi imodzi ndi dzinja lathu, ndiye munthu amangotenga dzina la miyeziyo n'kulipachika pa nyengo ina. Omasulira nkhani enanso agwa m'mbuna yomweyi. Nyengo yozizira ndi chisanu, kapena nyengo yachisanu. Mukanati "kuno chisanu chavuta", amayi anu akanakufunsani za bulangete.

Chaka chathu chimawerengedwa ndi khasu ndi mtambo. Dzinja likatha kumabwera masika, Epulo ndi Meyi, nthawi ya mondokwa, maungu, nzimbe ndi kukolola. Juni ndi Julaye ndi chisanu. Kenaka chilimwe, pamene tchire lapsa, nyenje zikuboola makutu, ndipo mitengo ya mombo m'mapiri yatulutsa mphukira zofiira kuti psuu mvula isanadonthe n'komwe. Masuku amapsa cha kumapeto kwa nyengo imeneyi. Mvula yoyamba ili ndi dzina lake, chizimalupsa, chifukwa imazima lupsa, ndipo wodziwa ulimi sathamangira kubzala nayo.

Poti ndinu a ku Mulanje, pali liwu lina limene simungalipeze ku Leeds ngakhale kumeneko kumawaza tsiku ndi tsiku: chiperoni. Ndi kamvula kowaza ka m'chisanu, kobwera ndi nkhungu ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, kamene kamatha masiku angapo phiri lonse litabisika, Sapitwa osaoneka. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amapuma nacho m'miyezi youma. Timati chiperoni chayamba. Musachisokoneze ndi mvumbi, womwe ndi mvula ya m'dzinja yogwa mosalekeza, yotsekera anthu m'nyumba mpaka nkhuni kunyowa. Ndamvapo achinyamata a mu Lilongwe akutcha kamvula kalikonse chiperoni, ngakhale mu Febuluwale. Ine khutu langa limakana.

Wachitatu ndi mnyamata woperekeza alendo okwera phiri la Mulanje ku Likhubula. Mafunso ake ndi awiri: "Alendo ena amabwera ndi mabainokula kudzangoyang'ana mbalame. Anzanga akandifunsa ntchito yanga ya tsikulo, ndinene kuti chiyani? Komanso, mbalame zimaimba kapena zimalira?"

Achimwene, yambani ndi lachiwirilo. Pa Chichewa chakumudzi mbalame zimalira. Tambala amalira mbandakucha, njiwa imalira masana dzuwa likuswa mtengo, lumbe amalira usiku wa mwezi. Kulira kumeneku kulibe misozi. Ng'oma imalira, belu limalira, foni yanunso imalira. "Mbalame zikuimba" mudzakumana nazo m'ndakatulo ndi m'nyimbo za kutchalitchi, ndipo sindingati n'kulakwa, makamaka pofuna kuyamikira kukoma kwa mawu ake. Koma yesani kuuza agogo kuti kadzidzi waimba padenga, muone m'mene akuyang'anireni.

Za ntchito yanuyo, nenani kuti mukuperekeza alendo kukaonerera mbalame. Kuona kumachitika ngakhale mwangozi. Kuyang'ana n'kulozetsa maso. Kuonerera ndi kumene timachita pa gule kapena pa mpira, kukhala pansi n'kusangalala ndi zimene zikuchitika popanda kulowererapo. Musavutike kupeka dzina limodzi lalitali. Anzanuwo adzafunsabe kuti "mukaziona ndiye muzitani?", chifukwa mawu athu akale okhudza munthu ndi mbalame ndi a ntchito: kutchera msampha, kupaka ulimbo, kulasa ndi legeni, kuingitsa mpheta m'munda wa mapira. Komatu anthu omwewo ndi akatswiri oonerera. Agogo anga aakazi, kuseri kwa phiri la Dedza, ankakhala pakhonde m'mawa wa Juni atafunda chitenje mpaka m'makutu, akusola nandolo, mame ali mbuu paudzu. Pumbwa akatera pa mtengo wa tsabola kuseri kwa nkhokwe, iwo osadzutsa mutu ankati, "Wabwera mwini dimba." Nkhuku ikangoti kwee, anapiye n'kuthawira pansi pa nkhokwe, ankadziwa kuti mphamba ali m'mwamba ife tisanaone ngakhale chithunzithunzi chake. Sanagwirepo bainokula.

Chimene chidzakuvutitseni ndi mayina. Akatswiri amawerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'Malawi muno, ndipo buku la mlendo wanu lili ndi dzina la mtundu uliwonse. Chichewa nthawi zambiri chimapereka dzina limodzi ku banja lonse. Namzeze amene amaumba chisa cha dothi pansi pa denga la sukulu ndi wakonkuno. Koma pakati pa anamzeze odzaza pa mawaya a magetsi m'dzinja pali ena ochokera ku Ulaya, amene amafika cha mu Okutobala, n'kubwerera cha mu Epulo osamanga chisa kuno. Kwa ife onsewo ndi anamzeze. Gogomole aliyense wogogoda mtengo ndi gogomole. Mlendo akakufunsani dzina la kambalame kamene simunamvepo akulu akukatchula, musapeke. Kafotokozeni: maonekedwe a nthenga zake, pamene kamakonda kutera, kaliridwe kake. Ndipo dzina limene mwamva kwa nkhalamba ya ku Phalombe lilembeni, ngakhale likusiyana ndi la ku Dedza. Khwangwala yemweyu ena amati khungubwe, ndipo onse akulondola.

M'buku la alendo anu mudzapezamo mbalame yosowa ya m'nkhalango zowirira za m'mapiri, yotchedwa Thyolo alethe, imene imapezekanso pa Mulanje pompo ndi pa mapiri ena a ku Mozambique monga Namuli ndi Chiperone yemwe uja. Dzina lake la sayansi limathera ndi choloensis. Ameneyo ndi Cholo, kalembedwe ka atsamunda ka Thyolo, ka nthawi imene Mulanje ankalembedwa Mlanje. Mapu anakonzedwa kalekale, koma akatswiri a zamoyo sasintha dzina chifukwa cha kalembedwe, ndiye Cholo anatsalira pa kambalameko.

Pomaliza munafunsanso m'munsi mwa kalata yanu ngati ndi nanchengwa kapena nantchengwa. Lembani ndi t, monga ntchito ndi ntchentche, pakuti liwulo limatuluka ndi mpweya. Chisa chake chachikulu chija mukachiona pa mphanda ya mtengo m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula, alendo ajambule ali patali. Akumudzi ambiri sakonda kuti munthu azichigwiragwira.