Kwa mdzukulu wa ku Nchalo: mowawo amayamba kulawa ndani?

Wandifunsa, mdzukulu wanga, ngati n'zochititsa manyazi kuti mnyamata wolandira pakutha pa mwezi ngati iwe azipezeka pa kashabini ka kuseri kwa msika ku Nchalo, pamene anzako amamwera m'mabala a m'mbali mwa msewu wa tala, momwe muli mafiriji ndi kanema woonetsa mpira wa ku England. Akuti amakuseka kuti ukununkha masese. Ndiye ukufuna ndikuuze ngati usamuke.

Ndalamazo ndi zako, mmero ndi wakonso, usamuke kapena usasamuke dziko silitembenuka. Ine ndimayembekezera kuti undifunsa china. Pamene umamwerapo, mowa ukabwera, amayamba kulawa ndani?

Malo ngati amenewo ndimawadziwa ngakhale pako penipenipo sindinapondepo. Mpanda wa bango wopendekeka, mtengo wa nimu pakati, mabenchi a matabwa otsala kwa kalipentala, ndi mbiya kapena mgolo wofundikidwa chiguduli chonyowa kuti mowa usatenthe. Pakona pali bawo limene silizizira, pageti mayi akuotcha mlamba wouma ndi kanyenya wa mbuzi. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno kuchigwa likafika poti ngakhale mbuzi zabisala pansi pa nkhokwe, mthunzi wa nimu umenewo ndi wamtengo wapatali kuposa firiji. Amabwera odula nzimbe ali bii ndi phulusa la m'munda wootchedwa, akabaza atatsamiritsa njinga pampanda, asodzi a ku Elephant Marsh atagulitsa makakana awo. Uyu akuyankhula Chisena, uyo Chimang'anja, winayo Chilomwe cha ku Thyolo komwe anatsika kudzafuna ntchito, koma nkhani ikuyenda bwinobwino. Pamenepo palibe chochititsa manyazi. Atsibweni ako anamwera malo otero mpaka imvi, ndipo maliro awo anthu anadzaza bwalo.

Koma kale mowa sunkangofika n'kuyamba kumwedwa. Mayi wofulula ankabwera yekha, osati kutuma mwana. Ankagwada pafupi ndi mbiya, n'kuvundula, n'kutunga ndi chipanda, n'kumwa iye mwini anthu onse akuona. Tinkati achotse ufiti. Akameza, ankapukuta mlomo wa chipanda ndi chikhatho, n'kutunganso, n'kupereka ndi manja awiri kwa wamkulu wa pamalopo. Wamkuluyo ankadonthezera pansi pang'ono, kuti amene anatsogola nawonso anyowetse kukhosi, kenaka n'kumwa, n'kupereka kwa womutsatira. Chipanda chinkayenda chotero mpaka kwa ife anyamata a kumapeto, amene nthawi zambiri tinkapeza masese okhaokha otsalira pansi. Sitinkadandaula. Tinkadziwa kuti zaka zikamapita tizisendera kufupi ndi mbiya.

Inu a masiku ano mukamva za ufiti mumaseka, mumati zachikale. Seka, palibe kanthu. Koma taganiza: munthu amene akudziwa kuti ayamba kumeza ndi iye, angathiremo zachabe mu mowa wake kuti ukhale waukali? Chimera chake amachisamala kuyambira pa kunyika mapira, kuwafundika kuti amere, kuwayanika, kukapera. Phala amaliphika mpaka lipse, madzi satunga pa chithaphwi. Mowa ukasasa mopitirira amadziwa yekha asanauze munthu, ndipo amatsitsa mtengo kapena kuutaya. Dzina lake linali m'chipanda chimenecho. Mudzi wonse unkadziwa kuti wa mayi wakuti ndi wozuna, wa mayi wakuti umagwira mawondo, wa mayi wakuti ukamwa m'mawa umadzuka mutu uli bwino.

Ndikukumbuka madima a kwathu kufupi ndi Ngabu, nthawi yopalira thonje. Mwini munda ankauza mkazi wake afulule wa mchewere, ife n'kulawirira ndi makasu kusanatenthe. Dzuwa likafika pamutu tinkaweruka, n'kukakhala pansi pa msawu. Ngakhale pamenepo, ludzu litatigwira chotero, palibe ankayerekeza kutambasula dzanja mayi asanalawe. Munthu wodutsa m'njira, kaya ndi wa ku Tengani kaya akuchokera kutsidya kwa Shire, ankaitanidwa: "Tapatukani, mudzanyowetse kukhosi." Sankafunsidwa ndalama, ankafunsidwa za kumene akuchokera, ngati mvula yagwa, ngati madzi adzadza. Nkhani za dziko tinkazimvera pamenepo wailesi zisanachuluke. Madzulo wina ankatulutsa ulimba, amayi n'kuyamba kuomba m'manja, fumbi kobo.

Ndalama za thonje zikatuluka, ndiye kunali kachasu wa masawu. Ameneyonso anali ndi mwambo wake. Wotcheza ankathira kadontho ka mutu pa chikuni cha moto kuti muone mmene ukuyakira, n'kulawa yekha, kenaka n'kuyeza mu velemoti. Velemoti imodzi inkakhala pakati pa amuna angapo ndi kakapu kamodzi. Uchema nawo, wogoma mlaza ankamwa kaye iye asanakupatse, ndipo ankakuuza chilungamo ngati ndi wa m'mawa wotsekemera kapena wagonera. Zaka za nkhondo ya ku Mozambique, abale athu atadzaza m'misasa ya ku Nsanje kuyambira cha m'ma 1986, tinkamwa nawo pamodzi, anthu oti sitinawaonepo chibadwire. Chimene chinkatichotsa mantha n'choti nawonso ankadziwa mwambo womwewo. Ukaona mlendo walawa kaye asanakupatse, unkadziwa kuti analeredwa pakhomo pa anthu.

Chipanda choyenda chinali ndi ntchito inanso imene anyamata inu simuiona. Aliyense ankaona mmene mnzake wamwera. Ukachedwa nacho pakamwa wina ankakufunsa ngati wagona nacho. Maso ako akayamba kufiira, mawu n'kuyamba kukwera, wamkulu ankangoti, "Uyu wakwana, mumulumphe," ndipo chipanda chinkakudutsa pamphuno anthu akuseka. Sunkakwiya, chifukwa dzulo lake unaseka nawo mnzako. Ndipo wamkulu yemweyo ndi amene ankaloza mnyamata woti akuperekeze mpaka pakhomo. Kuno si kumtunda kumene woledzera amagona m'ngalande n'kudzuka m'mawa ndi fumbi lokha. Kuno njira zimadutsa m'madimba momwe mvuu zimadya usiku, ndipo pa dooko pali ng'ona zimene sizifunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Munthu wa mowa sitinkamusiya kuti aoloke yekha.

Botolo sindikulida ayi. Carlsberg atatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, ife tinkaona akalaliki a ku kampani ya shuga ya SUCOMA ndi aphunzitsi akumwa, nafenso tinkasirira. Ndamwapo Green wozizira, ndamwapo Kuche Kuche, ndapukusapo paketi ya Chibuku. Koma botolo limabwera lotseka, ndipo amene anafulula sudzamuona. Aliyense wagwira lake, wafulatira mnzake, maso ali pa kanema kapena pa foni kuona ngati timu imene wabetchera yachinya. Zimkuzamawu zikulira moti ungamuuze munthu kuti mayi ake akudwala, iye n'kumangogwedeza mutu akumwetulira. Mnyamata angamwe malipiro a mwezi wonse pakati pa anthu makumi awiri popanda woti amulumphe, chifukwa palibe chimene chikuyenda pakati pawo. Akagwa pampando, ena amamujambula.

Masacheti aja ndiye anafika pomaliza zonse. Mowa wolowa m'thumba la malaya, womwera kuseri kwa chimbudzi, mwana wa sukulu n'kugula ndi ndalama ya mandasi. Boma linawaletsa mu 2015, koma chizolowezi chomwera pawekha chinatsala, changosamukira m'timabotolo tapulasitiki. Ndimawaona akabaza ena pa Bangula, m'mawa dzuwa lisanakwere, wapendeketsa kamodzi n'kutaya botolo, n'kukweza mayi wapakati panjinga. Ameneyo ndi amene ndingamuchitire manyazi, osati iwe wokhala pa benchi pansi pa nimu.

Undiuza kuti achipatala amaletsa kumwera chikho chimodzi. Akunena zoona. Kolera ya 2022 ndi 2023 tinaiona ndi maso athu kuno. Aliyense akhale ndi kapu yake, ine sindilimbana nazo. Koma kodi kapu yako imaletsa mwini mowa kulawa poyamba? Imaletsa kuti wamkulu atungiridwe iwe usanatungiridwe? Mwangopezerapo chifukwa basi. Mwataya chipanda, n'kutayira limodzi ulemu umene unali m'menemo.

Tsono ukapitanso kumeneko, takhala chete uone. Ngati mayiyo amatuluka yekha, n'kulawa, n'kuyamba ndi akuluakulu. Ngati amadziwa kunena kuti "lero basi, bambo, pitani ana akudikira" ngakhale munthuyo ndalama zikadali m'manja. Ngati amathamangitsa ana osafika zaka 18 amene amatumidwa ndi zigubu, khala pomwepo, anzako aziseka. Koma ngati mowa umatulukira pawindo, wotunga ndi kamtsikana kosadziwa n'komwe kuti wafululidwa liti, ndipo kuseri akugulitsa zoyera zosadziwika kumene zatchezedwa, ndiye kuti malowo angofanana ndi akale pa mpanda pokha. Ukapempha kuti alawe kaye n'kuona nkhope yasintha, lipira zimene waitanitsa, uzisiye pomwepo, uzipita.

Palinso ina imene sunaitchule koma amayi ako anandinong'oneza, yoti bambo a mtsikana amene ukumufuna uja amamwera pomwepo. Usakhale nawo benchi imodzi, ndipo usawaitane mokweza ngati mnzako wa mpira. Ukalowa n'kuwapeza, vula chipewa, upereke moni uli chonjuta, ukakhale mbali ina kumene sakuona pakamwa pako. Ngati m'thumba muli kanthu, uitane mwini malo umuuze chapansipansi kuti awatungire, osatchula kuti wagula ndani. Adzadziwa okha. Ndipo iwe uzinyamuka iwo asananyamuke, ukuyenda mowongoka, chifukwa ankhoswe akadzapita kukafunsira, nkhani ya mmene umatulukira pa geti la bango lija idzakhala itafika kale.

Buku la ngongole la mayiyo dzina lako lisalowemo. Ndamva kuti ena amasiya chiphaso kapena foni mpaka tsiku la malipiro. Ukatero mayiyo sangakuuzenso kuti wakwana, chifukwa wasanduka munda wake. Ndipo pa malipiro a mwezi uno upatule kaye za ufa wa amayi ako, mapira a chaka chino anapserera ndi dzuwa.