Kope linali lodzaza koma pa puloti ndinapeza chimanga

Iii achemwali mwanditokosa pachilonda, ndasiya kaye nsima kuti ndikuyankheni. Zoti Januwale mumalemba mapulani koma ikamafika Malichi zonse zathera m'malere ndazimva, koma enafe tinalemba, tinatsatira osaphonya, nkudzapezeka kuti zaka zinayi zonse timagwirira ntchito munthu wina.

Ine ndinabwera kuno ku Joni 2019, ndimagwira ya m'gadeni cha ku Randburg, Loweruka maganyu openta. Pulani inali imodzi basi, nyumba ya zipinda zitatu pa puloti yomwe ndinagula ku Lunzu. Ndinagula kope lachikuto cholimba nkulemba zonse, faundeshoni mwezi wakuti, window level mwezi wakuti, lintala, malata, mpaka mtundu wa penti ndinalemba. Mwezi ukatha R2,000 pa Mukuru kupita kwa achimwene anga enieni, bere limodzi, osati a kwa mayi ena ayi. Timagona atatu chipinda chimodzi ku Diepsloot, ndiwo zake zipalapasiro ndi kabichi, anzanga akumagula matekisi atsopano ine ndi nsapato imodzimodzi yomweyo. Ngakhale nthawi ya lockdown ija 2020 mabwana atatiuza kuti tisabwere kaye, ntchito itangoyambanso ndinabweza miyezi yonse yomwe ndinalumpha, chifukwa m'kope munali mipata ndipo imandisowetsa tulo.

Nde zithunzi zimabwera pa WhatsApp bwinobwino. Khoma likukwera, mafelemu alowa, ine usiku kumangozikulitsa pa foni kuwerenga mizere ya njerwa. Meyi 2022 kwacha itagwa ndi 25% anaimba kuti simenti yakwera onjezerani, ndinaonjezera. Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy uja achimwene anati khoma la kuchipinda lagwa ndi mvula, nanga ndikanakana bwanji poti tonse timaona mavidiyo a ku Chilobwe anthu akukumba matope kufuna abale awo, ndinalira nawo nkutumiza ina yapadera. Novembala chaka chomwecho kwacha yagwanso ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika K1,700, aimbanso kuti malata asintha mtengo tumizani msanga tisanapitirire kuluza. Ndinakongola kwa mnzanga wa ku Mangochi nkutumiza.

Disembala 2023 ndinati ndikaone ndekha. Masiku awiri m'basi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete kutentha kuja, Zobue, Mwanza, m'chikwama ndanyamula maloko asanu ndi makatani omwe akazi anga anasankha okha. Kufika ku Blantyre achimwene sanabwere kudzandichingamira, foni yozima. Mtima unagunda koma ndinati mwina ndi magetsi. Kutacha ndinakwera minibasi ya ku Lunzu, kenako kabaza, ndikumuuza mnyamata wa njingayo kuti tikafika uona nyumba ya malata atsopano. Tinadutsa pamalopo kawiri osapazindikira. Kachitatu ndinatsika. Faundeshoni yokha, mizere itatu ya njerwa pamwamba pake, zina zitagumuka, mkati mwa chipinda chomwe ndimati chogona ife munthu anadzalamo chimanga chofika m'mawondo, mbuzi ili pachingwe pomwe pamayenera kukhala khonde. Ndinaima ngati mtengo. Kunabwera mayi ena oyandikana nafe, ndinawaonetsa zithunzi za mufoni manja akunjenjemera, anangoyang'ana kamodzi nkuti aaa bambo iyi ndi nyumba ya aphunzitsi ena kuseri kwa chulu uko. Ndinapita. Mafelemu omwe aja, mtengo wa mango womwe uja umaoneka pakona ya chithunzi chilichonse, ana a eni ake akusewera pakhonde. Ndinakhala pansi pa dothi pompo ndi chikwama cha maloko pamiyendo, wa kabaza akudikira ndalama yake, ine mawu osatuluka. Mpaka lero ndikamva fungo la simenti yonyowa kuntchito m'mimba mumandipota.

Achimwene aja ndalama yanga anagulira Sienta kumanyamula anthu, nayonso inafa injini ili pamiyala kuseri kwa nyumba, ina anakadyera mkazi wachiwiri yemwe ife sitimamudziwa. Ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi, ndi zoti amachita kuyenda wapansi kupita pa nyumba ya eni ake, kusankha pabwino poima, kujambula, nkunditumizira ndi mawu oti Mulungu ndi wabwino achimwene ntchito ikuyenda. Mwezi ndi mwezi! Atapezeka patatha masiku atatu sanapepese nkomwe, akuti inu muli ku Joni ndalama mumatola, ife kuno tikuvutika. Kutola? Ine amene ndimadzuka 4 koloko m'nyengo yozizira ija zala zitauma? Pabwalo amalume anangoti chibale ndi fupa sichiola, mayi akulira kuti mwana wanga usapite kupolisi utichititsa manyazi pamudzi. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti nanga iweyo ugona kuti ndi ana ako. Onsewo ankadziwa, ndikunenetsa, Lunzu si kutali, palibe amene anandiimbira.

Nde achemwali langizo langa ndi ili, pulani yanu musauze abale, ngakhale mmodzi, anthu akadziwa kuti mukusunga ndalama mavuto awo onse amadzuka tsiku lomwelo, uyu maliro uyu fizi uyu feteleza. Khalani chete muzingochita. Komanso musapange nokha, nokha simungathe, ine chomwe chinandidzutsa ndi chipereganyu chomwe tinayamba anthu 6 akumudzi kuno, aliyense amanena poyera chomwe akufuna kuchita ndi ndalama yake ndipo ukalandira umayenera kuonetsa lisiti pagulu, ukalephera amakufunsa pamaso. Manyazi amenewo ndi omwe amakugwira mwezi umene mtima wafooka. Lembani m'kope, ndipo musalembe zinthu 10 ngati mmene mwanenera, lembani chimodzi, nkuchiduladula tizidutswa toti mwezi uno matumba asanu a simenti, mwezi wamawa mchenga, kuti mukaphonya mudziwe msanga osati kudzazindikira Disembala. Tsiku lolandira malipiro chotsani kaye ya pulaniyo musanagule ngakhale bandulo. Ndalama musaisunge mu Airtel Money kapena Mpamba momwe mumagulira zinthu tsiku ndi tsiku, imatha ndi timavuto ting'onoting'ono, ndipo kwacha mwaiona nokha mmene imachitira, gulani katundu. Koma simenti musagule yambiri nthawi imodzi imauma, yambani malata ndi mafelemu zomwe sizionongeka.

Ndipo chilichonse muzikaona ndi maso anu, chithunzi musachikhulupirire. Ine panopa amene akundiyang'anira ndi apongozi anga aakazi, mayi achikulire oopa Mulungu, mmisiri ndimamulipira ndekha akamaliza gawo osati asanayambe, ndipo Lamlungu lililonse timaimbirana video call aime pafupi ndi chitsime cha pa puloti ndione kuti ndi pamalo panga. Ngongole ya mnzanga uja ndinamaliza kubweza, khoma lafika pa lintala, kope ndi lomwe lija ndinangotembenuza nkuyambira kumbuyo. Maloko aja akadali m'chikwama kwa apongozi, achimwene sitiyankhulana.