Funsani Amalume: Mwana wanga wayamba kubetcha, kodi ndimuletse mpira?

Makalata a mwezi uno abwera ambiri. Atatu amene ndasankha onse akukhudza mpira, ngakhale eni ake sadziwana. Ndiyamba ndi imene yandisowetsa tulo.

FUNSO: Amalume, ndine telala pa msika wa Kapata. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 15. Loweruka ndi Lamlungu sapezeka pakhomo, amaswera ku kanyumba koonetsa mpira wa ku England. Sabata yatha ndinamutuma ndi K120 kukagula makala ndi ndiwo, anabwera chimanjamanja n'kunena kuti ndalama yagwa. Mlongo wake ndiye anaulula kuti anabetchera mpira. Ndinamukwapula, ndipo ndalamula kuti mawu oti mpira asamvekenso pakhomo panga. Tsopano sandilankhula. Kodi ndalakwa? Ndine tate wa ana anayi, ku Mchini.

YANKHO: Bambo, mkwiyo wanu ndikuumva. K120 ya telala si yotola panjira, ndi masiketi angapo a yunifolomu amene mwapinda mpaka msana kuwawa. Ndipo ndikudziwa kuti bodzalo likukupwetekani kuposa ndalamayo. Pamenepo mlandu ali nawo ndithu. Koma mwamanga zinthu ziwiri mtolo umodzi, mpira ndi kubetcha, n'kuponya zonse pamoto. Kubetcha ndiye mdani wanu. Mpira ndi kanjira kamene katsala kofikira mumtima mwa mnyamata wa msinkhu umenewo, ndipo inu mwakatseka ndi minga.

Ndikuuzeni za kwanga. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ku Chadiza kenako kuno ku Chipata, ndipo mwana wanga wachisamba ndinamulera ndi lamulo ngati lanuli: mabuku basi, mpira ndi wa anthu osowa chochita. Anamvera, koma anasiya kundiuza kalikonse. Tinkadya nsima mbale imodzi ngati anthu ongokumana pa siteshoni. Zinasintha usiku wa pa 12 February 2012. Ndinapita kukamufuna kwa aneba amene anali ndi TV, ndinapeza nyumba itadzaza mpaka pakhonde, ndipo m'malo momukoka dzanja ndinakhala pansi. Chipolopolo, timu ya dziko lathu la Zambia, inali pa fainolo ya chikho cha Africa ndi Ivory Coast ku Libreville, m'dziko la Gabon. Drogba wa Ivory Coast atamenya penate yake pamwamba pa golo, mnyamatayo anandigwira mkono, chinthu chimene sanachitepo chichokereni ku ubwana. Mphindi 120 zinatha popanda chigoli. Pa mapenate goloboyi wathu Kennedy Mweene anagwira mpira wa Kolo Touré, Kalaba wathu anaphonya, Gervinho wawo anaphonyanso, Stoppila Sunzu n'kutimwetsera wotsiriza, 8-7. Anthu onse anakhamukira kumsewu. Ife awiri tinatsala pakhonde, chifukwa ine misozi inali mbwembwembwe ndipo iye anafuna kudziwa chimene ndikulirira.

Ndinamufotokozera za April 1993, mmene tinamvera pa wailesi kuti ndege yotengera timu yathu ku Senegal yagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville pomwepo, anthu onse 30 n'kutha, 18 mwa iwo osewera. Ndinamuuza mmene Kalusha Bwalya, amene sanali m'ndegemo, anatsogolera timu yatsopano mpaka pa fainolo ya 1994 imene tinagonja 2-1 kwa Nigeria. Tinacheza mpaka tambala woyamba. Usiku umenewo ndi pamene anandiululira kuti masamu akumukanika ndipo wakhala akubisa malipoti a kusukulu. Ine mphunzitsi, m'nyumba mwanga momwe, sindinadziwe. Zaka zimene ndinamuletsa mpira ndimazidandaula mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti inunso mudzazidandaule.

Tsopano za mdani weniweniyo. Kubetcha kwa masiku ano sikulira kuti mwana alowe m'sitolo. Kuli m'foni, ndalama imadzera pa mobile money, ndipo ngakhale yochepetsetsa amalandira. Chimene chimakola anyamata ndi tikiti ya magemu ambiri: munthu asankha magemu khumi, foni n'kumuonetsa kuti K5 yake ikhoza kubala masauzande. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Mukhale naye pansi ndi pensulo ndi pepala, muwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti gemu iliyonse ndi theka-theka, kulasa kapena kuphonya. Kuti alase magemu awiri onse, mwayi ndi umodzi pa 4. Atatu, umodzi pa 8. Mupitirize kuchulukitsa ndi 2 mpaka magemu khumi, mupeza umodzi pa 1,024. Komanso mpira si theka-theka, chifukwa pali kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu. Kampaniyo inachotseratu phindu lake m'manambala amene imaonetsa, ndipo gemu iliyonse yowonjezera pa tikiti imakulitsa phindulo.

Adzakuuzani kuti, "Atate, timu imodzi yokha ndiyo inanding'ambira tikiti." Mawu amenewo mumvetsetse, ndiye mbedza yake. Kuphonya pang'ono n'kumene kumamubweza mawa, akuganiza kuti watsala pafupi, chonsecho tikiti yolasa magemu asanu ndi anayi pa khumi kawirikawiri imalipira chimodzimodzi ndi yophonya onse: palibe. Mumuwerengerenso kuti K5 patsiku ndi K150 pamwezi, K1,825 pachaka. Iye mwini anene kuti ndalama imeneyo ikanagula nsapato zingati za mpira.

Pali funso limene simunalifunse. Makampani obetchawo amalemba okha kuti osakwana zaka 18 saloledwa. Mwana wanu ali ndi zaka 15, reji (chitupa cha unzika) amatenga munthu akakwana 16, ndipo SIM khadi salembetsa popanda reji. Ndiye kuti pali wamkulu amene nambala yake ikugwira ntchito imeneyi. Yambani ndi pakhomo panu pomwe, foni yanu ndi ya amake, muone mauthenga a ndalama zotuluka, musinthe PIN lero. Ngati ndi mnyamata wa pa buthi ya mobile money kapena mwini kanyumba ka mpira, pitani ndi makolo anzanu awiri atatu mukalankhule naye masana, anthu akuona. Ana a m'komboni mwanu amene akudyeredwa pamenepo si wanu yekha.

K120 ija abweze, koma ndi thukuta lake. Abwere ku Kapata akaweruka kusukulu, asite zosokedwa, aike mabatani, mulembe pakhoma K10 K10 mpaka ngongole ithe. Chikwapu chisiyeni. Lamulo la ana la 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda, mwaona nokha chimene chikwapu chakubweretserani: mwana wosalankhula, amene aphunzira kubisa bwino kuposa kale. Mlongo wake uja mumuteteze, asasanduke mdani wa mbale wake chifukwa chonena zoona.

Ndipo lamulo loletsa mpira lichotseni, inu mwini, pakamwa panu. Loweruka likudzali tsekani makina msanga, mumuuze kuti akuperekezeni ku David Kaunda Stadium kapena pa bwalo la sukulu pamene matimu a m'makomboni amakumana. Mufunseni chifukwa chimene amaikondera timu yakeyo, ndipo mumvetsere ngakhale mayina a osewerawo akupindeni lilime. Ngati akufuna kusewera, asewere. Fashion Sakala anabadwira kuno ku Chipata, ndipo mu 2021 anafika ku Rangers ya ku Scotland. Koma mumuuzenso za Enock Mwepu, amene mu 2022 anasiya mpira ali ku Brighton, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atamupeza ndi vuto la mtima. Mwendo ndi mtima zimatha tsiku limodzi, n'chifukwa chake sukulu siyenera kutsalira. Mawu amenewa adzawamva bwino mukamawanena muli limodzi m'mbali mwa bwalo, mukudya chinangwa chootcha, kusiyana ndi kuwanena mutanyamula lamba.

FUNSO: Amalume, chifukwa cha kuzimazima kwa malaiti ndinagula TV ya sola, ya batire lake, pa sitolo ina ku Chipata pa K3,800, kuti ine ndi ana anga aakazi tiziona Copper Queens, timu ya dziko lathu ya mpira wa amayi. Patangopita masiku anayi batire linayamba kutha pa mphindi 20 zokha. Nditabweza, mwini sitolo anangondilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Risiti ndili nayo. Kodi ndalama yanga yapita? Ndine mayi wa ku Katete.

YANKHO: Mayi, ndalama yanu sinapite, ndipo chikwangwani chimene anakulozerani ndicho cholakwa. Lamulo la mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula la 2010 limaletsa mwini sitolo kupachika chikwangwani cholanda wogula ufulu umene lamulo linamupatsa. Limanenanso kuti wogulitsa katundu wowonongeka, kapena wosagwira ntchito imene anagulidwira, abweze ndalama kapena apereke wina wabwino. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi Competition and Consumer Protection Commission, limene ambiri amangoti CCPC, ndipo dandaulo la munthu wamba ngati inu ndiyo ntchito yake.

Musachedwe, ndipo musapereke batirelo kwa wokonza aliyense. Akangolitsegula, mwini sitolo apeza pothawira, anena kuti mwaliwononga nokha. Jambulani risiti ndi foni, jambulani chikwangwanicho, jambulaninso kanema woonetsa batire litadzaza ndi nthawi imene lazima. Bwererani ndi mboni imodzi, mulankhule modekha, munene kuti mukufuna lina kapena ndalama, ndipo mutchule tsiku limene mukadandaule ku CCPC akakana. Risiti yeniyeni isachoke m'manja mwanu.

Ineyo zinandichitikira ndi wailesi, ndipo ndinangobwerera kunyumba ndi manyazi, ngati wolakwa ndine. Manyazi amenewo ndi amene ogulitsa otere amadyerapo. Akudziwa kuti munthu wochokera ku Katete awerengera ndalama ya basi, makilomita oposa 80 kubwera ndi enanso kubwerera, n'kugwa ulesi. Inu musagwe ulesi. Ana anuwo akuyenera kumuona Barbra Banda wa Copper Queens, amene pa masewero a Olympics ku Tokyo mu 2021 anamwetsa zigoli zitatu kwa Netherlands n'kubwerezanso zitatu kwa China. Akuyeneranso kuona amayi awo akuimirira pa chilungamo chawo pa kauntala.

FUNSO: Amalume, ndimagulitsa m'sitolo ya hadiweya. Timalowa 07:30, kuweruka 19:00, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo malipiro ndi omwewo. Ndinapempha kuweruka msanga Loweruka limodzi kuti ndikasewerere timu yathu ya tchalitchi, abwana anati ndisankhe pakati pa mpira ndi ntchito. Nditani? Ndine mnyamata wa ku Petauke.

YANKHO: Mwana wanga, ntchito usaisiye chifukwa cha gemu imodzi, ndipo usajombe mozemba, chifukwa ukatero wawapatsa chifukwa chokuchotsera. Koma nkhani yako yakula kuposa Loweruka limodzilo. Lamulo la ntchito la 2019 limati maola a pa sabata ndi 48, ndipo opyola pamenepo ndi ovataimu, yolipiridwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Iwe, ngakhale titachotsa ola la nkhomaliro tsiku lililonse, ukugwira maola 63. Maola osachepera 15 sabata iliyonse akupita ulele. Lamulo lomwelo limakupatsa masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse umene wagwira, ndipo tsiku la gemu ukhoza kulipempha pa masiku amenewo.

Gula kabuku kakang'ono, uzilemba nthawi yolowa ndi yoweruka tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu. Ukatero upemphe kuonana ndi abwana pa nthawi yopanda makasitomala, anzako ogwira nawo ntchito ali pomwepo ngati avomera, uwaonetse mwaulemu, ndipo upemphe chimodzi mwa ziwiri: ovataimu, kapena muzisinthana kuweruka masana Loweruka. Abwana ena amasankha chachiwiricho chifukwa sichiwatulutsa ndalama m'thumba. Akakana zonse, tenga kabukuko ndi mapepala ako a malipiro upite ku ofesi ya za ntchito ya boma. Undilemberenso mwezi wamawa, undiuze zimene ayankha, ndiponso nambala imene umasewera m'timu ya tchalitchiyo.