Kusala kudya kwa masiku 3 ngati ndi koyamba

Achemwali, popeza aka ndi koyamba, pa masiku 3 amene mpingo walengezawa musasale mpaka madzi omwe. Salani kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, madzi muzimwa, madzulowo mudye pang'ono. Kumeneko ndi kusala ndithu. Pa Danieli 10:3 mneneriyo anangosiya zakudya zokoma, nyama ndi vinyo kwa masabata 3. Kusala kopanda madzi kwa pa Estere 4:16 kunachitika mtundu wonse wa Ayuda uli pafupi kuphedwa.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Mkodzo ukayamba kuda, kapena mukamva chizungulire poimirira, khalani pansi, imwani madzi. Ozolowera tiyi kapena khofi mutu umawapweteka tsiku loyamba, choncho yambani kuchepetsa kudakali masiku 2. Pomasula musayambe ndi zamafuta kapena kudzaza mbale, m'mimba mumapotokola. Yambani ndi madzi ndi chipatso, chakudya chibwere patapita mphindi 30.

Nthawi imene mukanakhala mukudya muigwiritse ntchito popemphera ndi kuwerenga Mawu, ndipo chakudya cha masana chimene mwasiyacho mupatse wosowa, monga akunenera Yesaya 58:7. Nkhope musaigwetse kuti anthu akuoneni, Ambuye analetsa zimenezo pa Mateyu 6:16.

Koma ngati muli ndi matenda a shuga kapena zilonda za m'mimba, ndinu oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mumamwa mankhwala tsiku lililonse, kaonaneni ndi dokotala musanayambe, ndipo mankhwalawo musawasiye. Shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, mpaka kukomoka. Auzeninso abusa kuti akuthandizeni kupeza njira ina yosalira yogwirizana ndi thanzi lanu.