Mayina a ziwalo za bere sakukhazikika m'mutu

Funso: Ndili chaka choyamba cha unamwino ndi uzamba. Ndimaloweza kapangidwe ka bere usiku wonse, koma pofika m'mawa ndimakhala nditaiwala. Nditani?

Yankho: Siyani kuloweza mndandanda. Tengani pepala, jambulani bere ndi dzanja lanu, kenako tsatirani mkaka kuchokera komwe umapangidwa mpaka m'kamwa mwa khanda. Umayambira m'timatumba ta alveoli, tomwe timakhala m'timagulu ta lobules. Timaguluti timapanga zigawo 15 mpaka 20 zotchedwa lobes, ndipo kuchoka apo mkaka umayenda m'timachubu kukatulukira kunsonga ya bere. Homoni ya prolactin ndiyo imaupangitsa, oxytocin n'kuufinya kuti utsike. Dzina lililonse likakhala ndi ntchito yake paulendowu, silithawa.

Mukatero, zungulizani zotsalazo. Bere limakhala pamwamba pa mnofu wa pectoralis major, kuyambira nthiti yachiwiri mpaka yachisanu ndi chimodzi, ndipo limagwiridwa ndi timinyewa ta Cooper, dzina la dokotala Astley Cooper yemwe anatifotokoza mu 1840. Gawo lalikulu ndi mafuta. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa tsiku lina mayi wa mabere aang'ono adzakufunsani mwamantha ngati mwana wake azikhuta, ndipo mudzamuuza kuti kukula kwa bere sindiko kumapanga mkaka.

Pomwe ndimafuna ophunzira achedwepo ndi kukhwapa. Bere lili ndi kamchira kolowera kumeneko, ndipo pafupifupi 75 peresenti ya madzi ake a m'thupi otchedwa lymph amapita kwa anabere a m'khwapa. N'chifukwa chake poyeza chotupa, dzanja silithera pabere pokha.

Kakulidwe kaphunzireni ngati mbiri ya munthu mmodzi. Ali m'mimba mwa mayi ake, mizere iwiri yomwe mabere amadzamerapo imayambira kukhwapa kutsikira kumphechepeche. Ikapanda kufufutika bwino, munthu amabadwa ndi nsonga ya bere yowonjezera. Pakati pa zaka 8 ndi 13 mabere amayamba kumera, homoni ya oestrogen ikukulitsa timachubu, ya progesterone ikukulitsa ma lobules, ndipo si zachilendo kuti limodzi litsogole. Magawo asanu a Tanner, omwe akatswiri Marshall ndi Tanner anasindikiza mu 1969, amayeza kusintha kumeneku. Bere limamaliza kukhwima mayi akakhala woyembekezera.

Mawa m'patseni mnzanu pepala lopanda kanthu, mum'fotokozere zonsezi uku iye akujambula. Pomwe mungakakamire chibwibwi ndi pomwe muyenera kubwerera m'buku.