Kufewetsa zilango ku America kwapulumutsadi ndalama?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti America yayamba kufewetsa zilango za mankhwala ozunguza bongo chifukwa ndende zadzaza, komanso ngati zikuthandiza chuma kapena angotsegulira mbava chitseko. Ine ndakhala kuno ku Texas zaka zingapo ndipo nkhaniyi imandikhudza, ndiye mundilole nditalikitseko.

N'zoona ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndende zikuluzikulu za dziko lino zinali ndi akaidi pafupifupi 200,000. Pofika 2008, mukaphatikiza ndi ndende zing'onozing'ono zosungirako oyembekezera milandu, otsekeredwa onse anali pafupifupi 2.3 miliyoni. Chimene chinasintha kwambiri pakatipa ndi malamulo. Mu 1986 mnyamata wodziwa basketball, Len Bias, anamwalira ndi kokeni patangopita masiku awiri timu ya Boston Celtics itamusankha. Dziko lonse linagwidwa ndi mantha, aphungu anathamangira kupanga lamulo, Pulezidenti Reagan n'kusaina chaka chomwecho. Lamulolo linati wogwidwa akugulitsa magalamu 5 a crack, kokeni wa timiyala amene anthu amasuta, apite kundende zaka zosachepera zisanu, pamene wa kokeni wa ufa ankafika pa chilango chomwecho akakhala ndi magalamu 500. Tangoganizani, magalamu 5 ndi ngati shuga wa kasupuni ka tiyi, pamene 500 ndi theka la paketi ya shuga. Chonsecho crack amapangidwa kuchokera ku kokeni yemweyo. Kusiyana kwake n'koti crack anali wotchipa, wogulitsidwa m'makwalala a anthu osauka, ndipo ambiri mwa omangidwa naye m'makhoti a boma la fedulo, loyang'anira dziko lonse, anali akuda, pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Jaji anamangidwa manja. Ngakhale aone kuti mwanayu wangotumidwa, zaka zisanu zinali zisanu basi.

Zinatenga zaka 24 kuti akonzeko. Mu 2010 Obama anasaina lamulo lotsitsa kusiyanako kuchoka pa magalamu 100 a ufa pa galamu imodzi ya crack kufika pa 18, ndipo mu December 2018 Trump anasaina lamulo la First Step Act, limene linalola omangidwa kale pa lamulo lakale kupempha kuti zaka zawo ziunikidwenso. Muone kuti apa zipani zonse ziwiri zikuluzikulu, cha Obama ndi cha Trump, zinagwirizana, chinthu chosowa kuno.

Tsopano za ndalama. Dziko lino limawononga madola oposa 80 biliyoni pachaka pa ndende ndi kuyang'anira omasulidwa. Ku California kusunga mkaidi mmodzi kumadya madola oposa 100,000 pachaka. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha kuno ku Texas, kumene anthu sanyengerera wolakwa. Mu 2007 aphungu anauzidwa kuti pakufunika malo ena a akaidi 17,000, ndipo kumanga ndi kuyendetsa ndende zatsopanozo kukanadya pafupifupi madola 2 biliyoni. Iwo anaika madola 241 miliyoni m'malo othandizira anthu kusiya mankhwala, m'makhoti apadera a milandu yotere, ndi m'kuyang'anira olakwa ali kunja. Ndende zija sanamangenso. Mu 2011 anatseka ndende ya Sugar Land pafupi ndi Houston, kenako zina zinatsatira, ndipo umbanda sunakwere, unapitiriza kutsika m'zaka zimenezo.

Mawu oti anatseka amenewo ndi amene ine ndimawagwira. Mukatulutsa akaidi makumi awiri m'ndende ya anthu chikwi, alonda ndi omwewo, magetsi ndi omwewo, mwangopulumutsa chakudya ndi sopo. Ndalama zenizeni zimaoneka ndende yonse ikatsekedwa. Ndipo pamenepo pamabuka mkangano wina, chifukwa ndende zambiri zinamangidwa m'matauni ang'onoang'ono akumidzi kumene ulonda wa ndende ndiyo ntchito yodalirika. Anthu akumeneko amakana kwamtuwagalu.

Koma mtengo waukulu sulembedwa mu bajeti ya boma iliyonse. Kuntchito kwathu kosungira katundu ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina amene anakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha mankhwala. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro anatulutsa foni n'kundionetsa fomu yofunsira nyumba ya lendi. Panali kabokosi kofunsa ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu. Anaika chala pamenepo n'kunena kuti akangochonga, foni siiliranso. Munthu wolimbikira, woyamba kufika m'mawa, koma amagona pa sofa kwa mlongo wake. Zaka zonse zimene anali mkati, amayi ake okalamba ndi amene ankalera ana ake n'kumalipiranso mafoni okwera mtengo a kundende. Zimene anandiuzazo zikugwirizana ndi kafukufuku wa katswiri wina, Devah Pager, mumzinda wa Milwaukee, wofalitsidwa mu 2003. Anatuma anyamata kukafunsira ntchito ndi mapepala ofanana. Mwa azungu opanda mbiri ya ndende, 34 pa 100 anaitanidwa, a mbiri ya ndende 17. Mwa akuda opanda mbiri anaitanidwa 14, a mbiri 5 okha. Munthu amene sakulembedwa ntchito sakhoma msonkho, sagula katundu, ndipo ena amabwerera ku malonda omwe aja. Zimandiwawa kuti chilango chimatha papepala koma munthu n'kumachisenzabe mpaka imvi.

Nkhawa yanu ya mbava sindikuitaya. Oregon, chimodzi mwa zigawo za dziko lino, mu 2020 inavota kuti kupezeka ndi mankhwala ochepa kusakhalenso mlandu, koma thandizo la kuchipatala linachedwa kufika pamene fentanyl, mankhwala ozunguza bongo oopsa kwambiri, anali atafalikira, anthu n'kumasuta poyera m'misewu ya mzinda wake wa Portland, ndipo mu 2024 anabwezeretsa chilango. California nayo chaka chomwecho inavota kukhwimitsanso zina zimene inafewetsa mu 2014. Texas inayamba yakonza kolandirira anthuwo, Oregon inatsegula chitseko kolandirirako kusanakonzeke. Komanso tisanamizane kuti mankhwala okha ndiwo adzaza ndende. M'ndende za boma la fedulo pafupifupi theka ndi a mankhwala, koma akaidi ambiri ali m'ndende za zigawo, kumene a mankhwala ndi mmodzi mwa asanu ndi awiri, ndipo oposa theka ali ndi milandu yachiwawa.

Ndikamaona zimenezi ndimakumbukira kwathu. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu, koma aliyense amene anapitako kukaona m'bale ku Maula kapena ku Chichiri akudziwa mmene anthu amagonera. Mu 2020 tinaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, pamene mnyamata wogwidwa ndi chake m'thumba akupitabe ku khoti. Ife tilibe madola mabiliyoni oti tiwononge zaka makumi anayi tisanazindikire. Wogulitsa wamkulu amangidwe, ine sinditsutsa. Koma wa ndudu ziwiri, bwanji osamupatsa ntchito yothandiza m'dera, akasese pachipatala masana n'kukagona kwawo, ana ake akudya?